Udzu wa Pamwamba pa Uvuni

Njinga yanga ndinaisinthanitsa ndi uvuni wa njerwa m'chilimwe cha chaka chimene mapaundi anatha n'kubwera makwacha. Ndinali nditakhalitsa pachikamwini ku Domasi, m'nyumba ya mitengo yomata imene chiswe chinkaidziwa bwino kuposa ine. Mkazi wanga anali atatopa ndi kusuntha mphasa mvula ikamagwa, ndiye ndinamulonjeza kuti dzinja likamafika tidzakhala tili m'nyumba ya njerwa zootcha.

Uvuniwo unali wa alamu anga, achimwene ake a mkazi wangayo. Masiku amenewo uvuni unkagulidwa wathunthu, uli chimatire ndi dothi, za m'kati osaziona. Pootcha ankayala udzu wouma pamwamba pake, ndipo udzuwo ukayaka wokha ndiye kuti moto wadutsa m'njerwa zonse. Choncho funso la wogula linali limodzi basi.

"Alamu, udzu unayaka?" ndinatero.

"Kwerani mukaone nokha phulusa lake, aphunzitsi."

Ankanditcha aphunzitsi mondiseka, poti sukulu ndinalekera panjira koma m'thumba la jekete simunkasowa buku. Ndinakwera pa makwerero, ndinalipezadi phulusa lili bii. Ndinagogoda njerwa za pakamwa pa uvuni, zinalira bwino. Ndinawapatsa njinga ndi pampu yomwe, n'kubwerera kwathu wapansi ndikuimba mluzu.

Mmisiri amene ndinamutenga ku Naisi anayamba kuphwasula mbali ya kumphepo, kumene moto unali waukali. Njerwa za uko zinali zofiira psuu. Anayala maziko, makoma anakwera mpaka pa mawindo. Kenako tsiku lina anandiitana, n'kuponya njerwa imodzi m'mgolo wa madzi. Tinaiyang'ana ikusungunuka ngati shuga.

"Bambo, zotsalazi ndi zidina zopakidwa mwaye," anatero. "Ine sindimangira manda anthu amoyo."

Anamanga zida zake n'kumapita.

Zoona zake zinatulukira kumtsinje. Akazi awo a alamu, akuchapa, anauza mkazi wanga kuti nkhuni zinatha moto usanakwere, ndiye amuna awo anakwera pamwamba ndi chikuni chamoto n'kuuthandiza udzuwo.

Ine ndinali ndi buku la malamulo lopanda chikuto, limene ndinalipulumutsa kwa wogulitsa mtedza mumsika wa Zomba asanalimalize kukulungira malonda. Ndinkaliwerenga movutikira, chala pamzere, milomo ikugwedera. Linkati munthu akakukopa ndi mawu abodza kuti ulowe m'pangano, panganolo likhoza kuthetsedwa, aliyense n'kubweza chimene analandira. Ndinawerenga tsambalo mpaka kuliloweza. Tsamba lotsatira ndinangoliona ndi diso limodzi, chifukwa silinandikomere.

Nkhani inakambidwa pakhonde pa amalume a mkazi wanga, eni mbumba, nkhalamba yofatsa imene inkaluka mkeka uku ikumvetsera. Mkazi wanga anakhala chapatali, miyendo atatambalala, akutongola chimanga.

"Ndinanama pati?" anatero alamu. "Anaona phulusa ndi maso awo. Munthu wowerenga mabuku angapusitsidwe ndi ine wosadziwa ngakhale kulemba dzina?"

"Iwe, chimene mkamwiniyu ankafuna kudziwa unkachidziwa," anatero amalume osadzutsa mutu. "Ankafunsa za njerwa. Udzu amangira nyumba?"

Alamu anayang'ana zala za kumapazi. Ine mtima unakula, ndinatulutsa buku, ndinakonza kukhosi, n'kumasulira tsamba langa lija mwaulemu wonse. Ndinamaliza ndi kunena kuti atenge njerwa zawo, ine nditenge njinga yanga.

"Buku lanu lanena bwino, apongozi," anatero amalume. "Iwe, njinga ili kuti?"

Njinga inali itapita kale. Alamu anaisinthanitsa ndi mbuzi kwa bambo wina wogulitsa matemba wa cha ku Malosa, munthu wachisilamu amene za uvuni sankadziwapo kanthu. Mbuzizo nazo zinali zitadyedwa pa chinkhoswe.

"Ndiye tikamulande munthu wosalakwa?" anafunsa amalume. "Nanga inu, apongozi, njerwa mubweza bwanji? Mugumula khoma?"

Zimenezi ndi zomwe tsamba lachiwiri lija linkanena. Ndinatseka buku mwakachetechete, ndinalibweza m'thumba.

"Limalizeni, aphunzitsi, timve," anatero alamu, mphamvu zitabwerera.

"Khala chete iwe," anatero amalume. "Uumba zina, uotcha ndi nkhuni zako, uzituta wekha mpaka pakhomo pa mlongo wako."

Tinawomba m'manja tonse, poti chigamulo chinali cholungama. Koma mitambo inali itayamba kale kusonkhana paphiri, ndipo palibe amene amaumba njerwa m'dzinja. Mkazi wanga anatola lichero lake n'kunyamuka osayang'ana mchimwene wake kapena ine.

Dzinja limenelo linali lalitali. Makoma osathawo tinawafunditsa udzu, m'kati mwake munamera bonongwe, nkhuku zinapezamo poikira. Uvuni wa zidina uja unasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka chulu. M'nyumba yakale tinkasunthabe mphasa, ndipo mkazi wanga sanandikumbutseko lonjezo langa ngakhale kamodzi. Bola akanakalipa. Ankangoika mbale podontha, ikadzadza n'kukataya, n'kuikanso.

Ku Zomba ndinkapita wapansi. Nthawi zambiri bambo wa matemba uja ankandipitirira pamsewu, dengu lili pakaliyala, akuliza belu langa lomwe kuti ndipatuke. Anali munthu waulemu, ankapereka moni. Tsiku lina anaima n'kundifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake tcheni chinkavuka pachitunda. Ndinamuonetsa pomangitsa. Anathokoza kwambiri, anandipatsako matemba odzaza dzanja.

Chilimwe chitabwera alamu anaumbadi, akung'ung'udza ndi chikombole chilichonse. Pa tsiku loyatsa moto ndinabwera ndi buku langa kuti ndikhale mboni. Mkazi wanga anabwera chimanjamanja. Anadikira mpaka udzu utayalidwa pamwamba, kenako anasenza makwerero n'kukawatsekera m'nyumba mwathu.

"Chemwali, simundikhulupirira?" anatero alamu.

"Ikani nkhuni, achimwene," anayankha.

Udzu unayaka wokha dzuwa lili pamutu, tonse tikuona. Palibe analulutira. Tinalowa m'nyumba ya njerwayo mvula yoyamba isanagwe, chaka chathunthu chitapita pachabe, ndipo mpaka lero khoma lake lili ndi mitundu iwiri ya njerwa, malire ake pa mawindo. Njinga ina sindinagulenso msanga, maondo ndi amene analipira. Buku lija linakathera pansi pa mwendo waufupi wa tebulo.