Dzanja la mtedza pagalasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Folomu 2 pasekondale yoyendera kufupi ndi Kamwendo, pamene ndinakana kupepesa kwa aphunzitsi. Mpaka lero sindinapepese, ndipo maganizo amenewo ndilibe.

Chaka chimenecho sukulu yathu inalandira makina oumba zinthu ndi pulasitiki, amene tinkangowatcha kuti pulinta. Ankasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala pang'onopang'ono pagalasi lotentha mpaka chinthu chitaumbika. A Mwale, aphunzitsi a sayansi, ankawasamala ngati khanda. M'kalabu yawo mtsikana ndinali ndekha, koma ndine amene ndinajambula pakompyuta kamjigo kachitsanzo koti tikaonetse pampikisano wa masukulu kuboma.

Chinativuta ndi tsinde la kamjigoko, kachidutswa kafulati ka ngodya zinayi. Makina akangofika pakati, ngodya zinkatukuka n'kupindika ngati tsamba la fodya louma. Kenaka chidutswa chonse chinkamatuka pagalasi, ulusi n'kungopiringizana. Zinachitika kanayi, ndipo ulusi unatsala wongokwanira ulendo umodzi.

"Iwe Chisomo, wajambula zokhota," anatero a Mwale. "Ndinanena ine kuti makina si a atsikana. Zikakanikanso Lachisanu, kuboma kupita mnyamata, iwe ubwerere kukwaya."

Anyamata anaseka. Mtima unandiwawa kwabasi, chifukwa ndinkadziwa kuti chojambula changa chinali chowongoka.

Yankho ndinalipeza kunyumba. Amayi anga ankasinja chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo pamsika wa Kamwendo, ndipo ntchito yanga inali yomata timapepala ta dzina pamabotolopo. Tsiku limenelo kapepala kena kanayamba kutukuka m'ngodya. Amayi sanayang'ane n'komwe kawiri. "Botololo waligwira ndi dzanja lamafuta limenelo. Tsuka ndi sopo, ndipo usaligwirenso pamimba."

Botolo lili m'manja, ndinakumbukira galasi la makina aja. A Mwale sankasiyana ndi mtedza wokazinga, unkakhala m'thumba la jekete lawo tsiku lonse. Ndipo nthawi zonse asanayatse makina ankapukuta galasi ndi chikhatho, ati kuchotsa fumbi.

Mwana waulemu akanadikira kuti awauzire pambali. Ine mawa lake, m'chipinda cha makinawo, ndinanena pamaso pa onse, poti nawonso anandinyoza pamaso pa onse.

"Aphunzitsi, vuto si chojambula changa. Ndi dzanja lanu. Mumadya mtedza kenaka n'kupukuta galasi."

A Mwale anatulutsa dzanja m'thumba, makoko ofiira a mtedza ali pazala. Anandiuza kuti ndisankhe, kupepesa kapena kukakumba dzenje la zinyalala kuseri kwa makalasi. Ndinasankha khasu. Nthaka ya mu Juni inali gwa, m'manja munatuluka matuza, ndipo ndinalira, koma inali misozi ya ukali. Amayi atamva anandikalipira kuti pakamwa panga padzandipweteketsa, kenaka anandidulira chidutswa cha sopo.

Lachisanu ndinafika ndi sopoyo, guluu womatira mapepala ndi katoni yaikulu imene ndinapempha m'sitolo ya a Jafali. A Mwale anapinda manja n'kunena kuti, "Panga wekha, ulephere wekha, tione."

Ndinatsuka galasi mpaka likulira ndikalikhula, ndikuligwira m'mbali mokha. Litauma ndinapakapo guluu pang'ono. Pachojambula ndinali nditawonjezera kamphepete kopyapyala kozungulira tsinde kuti ngodya zikhale ndi pogwira pokulirapo. Ndinatsekanso windo, chifukwa ndinali nditaona kuti ngodya yoyamba kutukuka inkakhala ya kumene kunkachokera mphepo. Pulasitiki ikazizira mofulumira imafota n'kudzikoka yokha.

Galasi likutentha, dzanja la a Mwale linanyamuka lokha mwachizolowezi kulunjika pagalasipo.

"Musagwire!"

Mawu anatuluka ndisanaganize. Dzanjalo linaima m'malere, kenaka linabwerera m'thumba. Ndinavindikira makina ndi katoni, n'kusiya kabowo kosuzumirapo, ndipo tinadikira kuyambira nthawi ya buleki mpaka belu lowerukira. Palibe anapita kwawo. Nditachotsa katoni, tsinde linali litagona fulati, ngodya zonse zinayi zili pansi. Linamata mwakuti tinachita kudikira kuti galasi lizizire tisanalichotse.

Kuboma ndinapita ine. A Mwale sananene kuti pepa, inenso sindinanene. Koma kuyambira sabata yotsatira pawindo la chipindacho pankakhala sopo, ndipo jekete lawo linkatsala pamsomali kunja kwa chitseko.

Lero makina ngati amenewa ndi amene amandidyetsa, ndipo ndisanayambe ntchito iliyonse ndimatsuka galasi ngati botolo la chiponde. Anthu ena amandiuzabe kuti ndikanalankhula mwaulemu. Mwina. Koma chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti ndikanapepesa tsiku lija, ndikanavomera kuti wokhota ndi ine. Dzanja lija likanapukutanso galasi, ulusi womaliza ukanawonongeka, ndipo aliyense akanapita kwawo atakhulupirira kuti makina si a atsikana. Matuza anapola sabata isanathe. Bodza limenelo ndikanakhala nalo mpaka lero.