Ampulifaya Yoimbira M'ndowa

Matipate atangobwera, fakitale ina ya ku Chirimba inachotsa anthu ntchito, ndipo amuna anga anali m'gulu lomwelo. Anabwera kunyumba ndi kamita koyezera magetsi ndi kachitsulo kowotcherera mawaya, basi. Tebulo lathu lodyera ku Ndirande linasanduka malo a ntchito, ife n'kumadyera pamphasa. Ndinkadandaula, sindikana, pakamwa panga sipachedwa.

Anthu ankangobweretsa timawailesi. Ntchito yooneka inabwera ndi bambo wina wa ku Chilomoni, wobwereketsa zoimbira pamaukwati. Ampulifaya yake inali itapsa, amisiri ena ataikanika, ukwati uli Loweruka. Ananena mosapsatira kuti ikakazima pakati pa perekaniperekani, dzina la amuna anga lizimira pomwepo, koma ikakaimba, ntchito zake zonse azibweretsa kwathu.

Pofika Lachinayi amuna anga anali atasintha zonse zopsa, kutangotsala kuyesa. Kuyesa ampulifaya ku Ndirande sikunali kobisa. Masipika ankatulutsidwa pakhonde, mawu n'kukwezedwa mpaka mbale za oyandikana nawo zinjenjemere, n'kuisiya choncho nthawi yaitali. Koma Lachisanu tinadzutsidwa ndi kulira. Bambo wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, wochokera ku Nsanje, anali atatisiya. Dzuwa lisanakwere masamba anali atayalidwa kale pamsewu. Pamaliro ngakhale wailesi ya nkhani imatsekedwa.

"Bambo, musayerekeze," ndinatero. "Mukangoliza chimenechi, tisamuka muno ndi manyazi."

"Nanga ndikaipereke yosayesa, mayi? Ikakhala yozizira iliyonse imaoneka yabwino. Matenda ake amatuluka ikatentha."

Anapita kaye kukakhala ndi amuna anzawo panja, ine ndili m'siwa ndi amayi. Masana ndikubwera kudzatenga nkhuni, ndinawapeza atamasula mbaula yanga yamagetsi, akusolola waya wake wopiringizika uja. Mtima unandiwawa! Mbaula imeneyo inali mphatso ya pa ukwati wathu. Koma ukakalipa bwanji maliro ali kuseri kwa khoma? Ndinakalipa monong'ona, zomwe sizikhutitsa n'komwe.

Iwo anayeza sipika ndi kamita kaja, kenaka n'kumadula wayayo pang'onopang'ono mpaka singano inaima pamalo omwewo. Anamulumikiza polumikiza masipika n'kumuviika m'ndowa ya madzi.

"Ampulifaya sidziwa kuti ikukankha sipika kapena waya," anatero. "Mphamvu yonse ithera m'madzimu."

Poyamba anadutsitsa magetsi pababu, akuti likawala kwambiri ndiye kuti m'kati mukadali vuto. Linangophethira n'kufooka. Anachotsa babulo, n'kuika kaseti ya rumba, n'kukweza mpaka kumapeto. Ine ndinatseka makutu.

Zii. Singano yokha ndi imene inkavina pakamita.

Anandilozera ampulifaya. "Ikani dzanja pachitsulo chakumbuyochi. Chikakuwotchani mpaka kulichotsa, munene."

Ndinaima choncho, dzanja pachitsulo, mphuno ikufunafuna fungo la kupsa. Kuseri amayi a Chikatolika ankaimba nyimbo yotsanzika, kuno rumba ikuphulika m'ndowa popanda womva. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Chitsulo chinafunda, n'kufundabe, kenaka chinangokhala pomwepo. Patapita nthawi amuna anga anapisa chala m'ndowa n'kuchichotsa msanga, akumwetulira. Madzi otentha aja ndinasukira mbale za pamaliro.

"Mphamvu ilipo," anatero. "Koma ngati mawu ake ndi osalala kapena osasa, ndowa singatiuze."

Loweruka tinaika maliro m'mawa, masana n'kukwera minibasi ya ku Chilomoni, ampulifaya mwini wake atadzaitenga kale. Sitinaitanidwe ku ukwatiwo, choncho tinaima pakhomo pa holo ngati ogulitsa mtedza. Amuna anga ankangopukuta manja pathalauza. Woyendetsa mwambo anatenga maiki, anakhosomola, n'kufunsa kuti, "Kumbuyoko mukundimva?"

Mawu anatuluka oyera, okhuta, ngati munthuyo waima pambali panga.

"Eeee!" holo yonse inayankha.

Perekaniperekani anakoka mpaka dzuwa kupendeka, nyimbo osadukiza. Ine amene sindinkadziwa mkwati kapena mkwatibwi ndinalira kuposa mayi ake a mwana. Mwini zoimbira uja anatiwona pakhomopo, anadutsa pakati pa ovina, n'kukuwira m'khutu mwa amuna anga kuti, "Amisiri, Lolemba mudzuke msanga. Kunyumba kuli zina zakufa."