Ulendo wa Agogo Unakhala pa Njerwa

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga yoyamba inali ya pafamu, m'shedi yakale ya fodya, ndipo Chichewa changa ndinachitola pakamwa pa Amayi, osati m'mabuku. Pamene ndapunthwa mundidzutse mofatsa.

Ndikakumbuka chaka chimenecho, choyamba kubwera m'maso ndi chitsulo chozungulira ngati mbale yaikulu, cha mabowo pakati, chimene chinkatchinjiriza chitseko cha kukhitchini kwa Malume ku Zengeza, kufupi ndi Harare, kuti chisamenyeke ndi mphepo. Linali disiki lakale la buleki, lochokera kuseri kwa tayala lakutsogolo la pikapu yawo. Linali litadyeka mizeremizere, ndipo ukayendetsa chala m'mphepete unkamva kamlomo kakuthwa.

Ine ndi Amayi tinafika kumeneko mu Meyi, ntchito ya pafamu itatha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Malume, mlongo wawo wa Amayi, anatipatsa chipinda chakumbuyo. M'chipinda choyandikana munkagona Agogo, bambo awo a onse awiri. Tili m'kombi, minibasi ya kumeneko, Amayi anandiuza kuti, "Kwa eni manja sakhala." Ndinawatenga mawuwo ngati lamulo. Ndinkasesa posesa kale, ndinkatsuka makapu otsuka kale, ndipo munthu akandiyang'ana ndinkafunafuna chonyamula.

Agogo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Nyengo yozizira imeneyo chifuwa chinawagwira, miyendo inatupa, ndipo ananena poyera kuti akufuna kukafera kwawo. Sutikesi yawo inali yomanga kale ndi lamba, ili kuseri kwa chitseko. Malume analonjeza kuwaperekeza pa pikapu, koma anati akaponda buleki chiwongolero chikunjenjemera, ndipo ndi madisiki otere sangatsike mitsetse ya ku Mutoko, kuchipata cha malire ku Nyamapanda n'kosanena.

Motero pikapu inakwera pa njerwa. Matayala awiri akutsogolo anatsamira khoma, nkhuku za aneba zinapeza mthunzi watsopano.

Malume ankagwira ntchito kubekari m'kati mwa sabata, ndiye galimoto inali ya Loweruka lokha. Loweruka lililonse Agogo ankavala chikhoti chawo, n'kukokera mpando padzuwa moyang'anizana ndi pikapu. Loweruka loyamba bauti ya kalipa, chitsulo chija chimapana disiki, inakana kumasuka. Malume anaithira mafuta n'kunena kuti igone sabata. Lachiwiri sipanala yoyenera inali itabwerekedwa ku Nyatsime. Lachitatu disiki lakumanzere linali litamatirira ndi dzimbiri, ndipo analimenya ndi hamala mpaka agalu a mumsewu wonse anauwa. Madisiki atsopano atabwera kuchokera ku Town Centre, mabowo ake sanagwirizane ndi a galimoto, anakawabweza.

"Iwe, ukumanga galimotoyi kapena ukuiphwasula?" Agogo ankafunsa.

"Mangwana, baba," Malume ankayankha m'Chishona, mutu uli pansi pa galimoto.

"Mawa lakolo lakula, lameratu ndevu."

Tinatopa tonse. Madzi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ine ndi Amayi tinkaima pamzere wa pamjigo zala zitauma ndi chisanu. Mphepo ya Julayi inkalowetsa fumbi mpaka m'mano. Kuseri kwa khoma chifuwa cha Agogo chinkalira ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Amayi anasiya kufunsa za ulendo.

Pakati pa Julayi madisiki oyenera anabwera, pamodzi ndi mapadi ake, tinjerwa tinayi takuda timene timagwira disiki munthu akaponda buleki. Malume anatsuka madisikiwo ndi petulo, anayala zonse pa thumba pakhonde, n'kunena kuti Loweruka likubwerali akhoma. Agogo anametetsa tsitsi tsiku lomwelo.

Koma pamwamba pa khondelo panali chingwe choyanikapo zovala, ndipo madzi ake ankadonthera pansi. Pofika Lachinayi madisiki aja anali atachita mawanga ofiira a dzimbiri. Pafamu dzimbiri linali manyazi: tikamaliza kulima tinkadzoza makasu ndi mapulawo mafuta, ndipo wosiya chitsulo chikufiira ankakalipiridwa pamaso pa anthu. Ndinatenga kansanza, ndinathira mafuta ophikira a m'botolo la Amayi, ndipo ndinapukuta madisiki onse awiri mpaka ndinaona nkhope yanga. Mapadi anali ouma gwa, ndipo ankamwa mafuta msanga, ndiye ndinawawonjezera kawiri. Ndinavundikira zonse ndi thumba. Masiku awiri ndinayenda ndi chimwemwe chobisa, kudikira kuti wina anene kuti mwanayu ali ndi maso.

Loweruka Malume anavundukula thumba. Anagwira disiki, anatikita zala, anazinunkhiza.

"Ndani wakazinga madisiki anga?"

"Ndine, Malume. Amachita dzimbiri."

Anaika disiki pansi. Kenako anandifotokozera mofatsa, ngati akuwerenga m'buku, kuti buleki ntchito yake n'kugwira, mafuta ntchito yake n'kuterera. Madisiki atsukika, koma padi ikamwa mafuta siwalavula. Ndinatseka maso kudikira khofi. Silinabwere. Malume anakhala pa tayala n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, kenako anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula katundu. Anapisa m'chikwama n'kundipatsa banzi.

Agogo sanaseke. Anamenya ndodo pansi.

"Namafuta iwe! Wandikwirira m'dziko la eni."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali Namafuta, ndipo madzi ochokera m'manja mwanga sankamwa. Ndikabweretsa kapu ankatembenukira kukhoma mpaka Amayi abwere kudzaitenga.

Malume anati mapadi a galimoto yakale chonchi ndi osowa, afunsa ku Harare. Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. Ine ndinabisa padi imodzi yamafuta m'chikwama cha mabuku, ndipo ndikaweruka ndinkayenda wapansi mpaka kumashopu a zida za galimoto. Ndinkaima pakhomo nthawi yaitali ndisanalowe, chifukwa Chishona changa chinali cha pafamu ndipo ankachiseka. Pa shopu yachitatu bambo wina wonenepa anaitembenuza padiyo m'manja, anainunkhiza, n'kufunsa anzake ngati alipo ali ndi mazira akazingirepo. Atatha kuseka anati, "Awa ali mbwee, muzukuru. Kauze sekuru ako abwere."

M'Chishona malume ndi sekuru, ndipo mwana wa mlongo wawo ndi muzukuru. Ndinathamanga njira yonse. Malume anamva nkhani yanga akusamba m'manja, ndipo sanatembenuke.

"Amenewo ndi achinyengo. Za akulu uzisiye."

Agogo anamwalira Lachiwiri masana, kumayambiriro kwa Ogasiti, ali pampando wawo. Anawatengera kumanda a m'tauni pa lole ya munthu wa kutchalitchi. Pa maliro ndinatsuka mbale kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuti ndisayandikire bokosi. Ndinkadziwa chimene chinawalepheretsa kupita kwawo, ndipo ndinkaganiza kuti aliyense akudziwa.

Ndinali nditakwatiwa kale pamene Amayi anandiuza zoona. Agogo analibe pasipoti, analibe ngakhale pepala losonyeza kumene anabadwira, ndipo pachipata cha malire sakanawadutsitsa. Ndiponso mu Epulo kunabwera kalata yochokera ku Ntcheu yonena kuti mng'ono wawo womaliza anamwalira, ndipo amene anatsala pamudzipo sankawadziwa. Malume anaibisa kalatayo. Analibe mtima wowauza, ndiye anawapatsa Loweruka, kenako Loweruka lina. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndayesa kuwaweruza Malume koma ndalephera. Chimodzi chokha sindinachimeze: akanandinong'oneza ine. Banzi silinali lokwanira.

Maliro atatha panafunika kubweza mipando ndi mapoto akuluakulu kutchalitchi. Malume anatulutsa bokosi lawo la zipangizo, anachotsa masipanala onse, ndipo pansi penipeni panali kakatoni ka mapadi atsopano, kotuwa ndi fumbi, makona ake atafewa ndi kukhalitsa. Anatsuka madisiki ndi petulo. Anaika lakumanja, anaika lakumanzere, ndipo bauti iliyonse inamvera. Tiyi amene Amayi anawaikira pakhonde anali asanazizire kwenikweni pamene anandiitana.

"Kwera, muzukuru. Ponda buleki mpaka ilimbe."

Ndinatsetsereka pampando kuti phazi lifike. Ndinaponda kamodzi, inalowa yonse. Kachitatu inayamba kukana. Kachisanu inalimba ngati mwala. Anabwezera matayala, anachotsa njerwa, pikapu inatsika n'kuima ndi miyendo yake.

Ine ndinatsala ndikuyang'ana kakatoni kopanda kanthu kaja, ndikuwamvera chisoni Malume kuti anaiwala zoti anali nawo mapadi m'nyumba momwemo. Ndinaganiza zosawakumbutsa, kuti angadzimve ngati mmene ndinkadzimvera ine. Iwo anayendetsa pikapu mpaka kumapeto kwa msewu wathu, anaima pamphambano, ndipo nyali zofiira zakumbuyo zinakhala chiyakire nthawi yaitali, ngakhale kuti kunalibe galimoto ina yodutsa.

Linali Loweruka lachiwiri la Ogasiti, chaka chimene ndinali mu Giredi 5.