Thadzi Langa ndi Mapiritsi a Amayi

"Mankhwala amene mwiniwake sanalawe, usamwe." Anandichenjeza choncho amayi anga ku komboni ya Sakubva, nthawi ya Chitaganya, mzinda wathu wa Mutare ukutchedwa Umtali, ndipo mawuwo ndakalamba nawo.

Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa yapampopi. Abambo ankagwira ntchito kunjanji, m'nyumba ana ali mbwee. Pobereka mng'ono wanga womaliza, amayi anataya magazi ambiri, moti kuchipatala anawauza mosapsatira kuti mimba ina idzawapha. Ine ndinazimva akuuza abambo, poti makutu ndinali nawo kale.

Kenaka kunabwera nesi wina wachimanyika, mtundu wa eni dera lija, panjinga, atatenga mapiritsi olera, achilendo nthawi imeneyo. Anati akufuna amayi angapo ayambe kumwa, iye aziwayendera kuti aone ngati akugwiradi ntchito, komanso ngati sakuvulaza munthu.

"Yambani mwameza inuyo, anesi," anatero amayi. "Kwathu ngakhale sing'anga amalawa kaye."

"Ine ndamwa kale m'mawa, a Naphiri."

"Ine sindinaone."

Nesi anaseka n'kumeza, amayi kumuyang'ana m'kamwa momwe. Komabe mtima wawo sunakhale pansi. Nanga nesi si munthu wa boma? Atangochoka, anandituma kukagwira thadzi langa lamawangamawanga. Anaphwanyira piritsi m'madeya, nkhuku n'kujompha osasiyako. Ndinalira tsiku lonse, ndimati yapita basi.

Sinafe. M'mawa mwake inatetera, taona dzira lofunda m'chisa. Mawa lake linanso. Amayi amumzere wathu anasonkhana pakhola, kuseka mpaka kugwira nthiti.

"A Naphiri, mankhwala anuwa kupha sakupha, koma kulera sakuleranso!" anatero wina.

Amayi sanaseke. "Zoikirazo n'zake. Ine ndimafuna kuona ngati idzuke."

Anayamba kumwa. Nesi uja ankabweradi, belu la njinga likumvekera kutali. Ankawamanga lamba wopopa pamkono, kuwafinya miyendo, kufunsa za mutu. Masiku oyamba nseru inawavuta, fungo la kapenta samafuna n'kulimva komwe, ndiye wophika ndinali ine. Mayi wina wapafupi anatupa mwendo, nesi n'kumusiyitsa mapiritsiwo pomwepo. Amayi anga mimba ina sanatengenso, ndipo anakhala mpaka kubereka ana anga kumbuyo. Thadzi lija tinalidya litakalamba, woyamba kulawa anali iwo.

Lero adzukulu anga amangolandira mapiritsiwa pawindo la kiliniki ngati machesi, osafunsa n'komwe kuti anayamba kumeza ndani. Ine ndili kuno ku Dangamvura, komboni ina ya Mutare, ndi mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi. Ndikukhala bwino ndithu, koma wobwera kudzandifinya miyendo palibe.

Choncho inu tinakulira limodzi ku Sakubva, mukatsika kombi, timinibasi tathu tija, muzipatuka kudzandiona. Muziodira kugeti, mutchule dzina, ndiyambe ndasuzumira pakatani. Mukabwera ndi kakudya, woyamba kulawa mukumudziwa kale.