Zenera la Chitenje ku Sighthill

Mukaitana Mayi Atupele kuti adzakujambuleni paphwando, mudzalira nokha. Inu mwatchena suti, mwatsamira galimoto ya eni kuti akumudzi aone kuti zikuyenda, iwo ali uko akujambula chitseko chadzimbiri cha sitolo yotsekedwa. Amasamalira okalamba ku Maryhill, muno mu Glasgow, ndipo akaweruka amayenda m'mbali mwa ngalande ndi kakamera kawo kofwifwa, kujambula milatho, mabini, zingwe zoyanikira zovala, ngakhale zimakina za ku Govan kokhomera sitima za pamadzi.

Ndinawafunsapo titatuluka m'tchalitchi. "Mayi, chithunzi chopanda munthu n'chithunzi chanji?"

"Anthunu mumadzijambula nokha, Edmond," anatero. "Nanga khoma lidzijambula bwanji?"

Khalidwe limeneli linayambira ku Sighthill, m'zinyumba zosanja zija momwe ankatisunga ife opempha malo m'dziko lino. M'menemo ndi momwe analerera mwana wawo Tadala, amuna awo atamwalira. Pomwe ankazigumula, tonse tinati zipite, zatizunza mokwanira. Iwo anaima pafumbi n'kumajambula mpaka khoma lomaliza.

Tsono Tadala wakula, ndi nesi, ndipo chaka chatha anakwatiwa ndi mwana wa madokotala. Komiti ya ukwati inagwirizana zoonetsa pakhoma la holo zithunzi za ubwana wake, ine ndiye woyendetsa kompyuta. Koma za ku Sighthill ayi.

"Akuchimuna adziwe kuti tinali othawa? Zamanyazi!" anatero Mayi Sibongile, wapampando. Naye Tadala anawachonderera mayi ake m'Chingerezi chake cha Glasgow chija kuti asamuyalutse. Ine zinandinyansa. Mayi Sibongile amenewa si tinkaima nawo pamzere umodzi polandira zakudya?

Patsiku la ukwatilo Mayi Atupele anangondipatsa kafulashi kolowetsa m'kompyuta, n'kuti, "Ndikakuyang'ana, udine."

Itafika nthawi yoti mayi wa mkwatibwi alankhule, anagwira maiki n'kundiyang'ana. Ndinadina ndi mtima wonse. Pakhoma panatuluka chinyumba chotuwa, chonyowa ndi mvula, ndipo pamwamba penipeni zenera limodzi lotchingidwa ndi chitenje chofiira.

"Zimitsani!" anakuwa Mayi Sibongile.

"Akhudze waya ameneyo amene anamubereka mwanayu," anatero Mayi Atupele, osakweza n'komwe mawu. "Zenera ilo ndi langa. Chitenjecho n'chomwe ndinamuberekera pobwera kuno. Chikepe chikafa, ndinkakwera naye masitepe onsewo ali kumsana. Alifabeti anaphunzirira pamenepo. Khonsolo inagumula nyumbayi kamodzi, ndipo sindinaletse. Inu mukufuna kuigumula kachiwiri ine ndikupuma? Iyayi. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Tadala anadzuka. Ndinati basi, mayi ndi mwana athera pano. Anayenda holo yonse, velo ikukwekwereka, akulunjika komwe kunali waya. Koma anamudumpha wayayo n'kukaima kukhoma, kuwala kukumumenya kumsana. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakodola mwamuna wake, n'kutambasula dzanja mpaka chala chinaloza chitenje chija.

Mwana amene tikamulankhula Chichewa amatiyankha Chingerezi, tsiku limenelo analankhula Chichewa, chokhotakhota, koma holo yonse inamva.

"Kwathu ndi apa."