Nsambo Yachitatu

Ndinazimva ndili pamtondo kuseri kwa nyumba. Bambo a ana anga ankaimba bangwe pakhonde monga ankachitira akabwera kudimba, koma nsambo yachitatu sinali yanga. Inali itakwera pang'ono, pang'ono pokha, moti wina akanangodutsa osamva kanthu. Ine munsi unandipulumuka m'manja.

Bangwe ameneyo anapanga okha: thabwa, chitini cha mafuta ophikira kumapeto, ndi waya wa mabuleki a njinga wopita uku ndi uku. Pansi pa nsambo iliyonse pamakhala kamtengo ka nsungwi, ukakasuntha mawu amasintha. Anzawo amachuna potsatira gitala kapena wailesi. Iwo ayi, ankachuna potsatira mawu a anthu a m'nyumba mwawo. Yoyamba inali ya malemu bambo awo, yachiwiri yawo. Yachitatu anaichuna akundifunsira. Anati, "Taitanani nkhuku, ndimve." Ndinaitana ndikuseka, iwo akusuntha kamtengo mpaka waya analira ngati ine, kenaka anatema kachizindikiro ndi mpeni pathabwapo. Mwana wamkazi atabadwa anatenga yachinayi, wamwamuna yachisanu.

Tsiku lina woimba kiyibodi kutchalitchi kwathu anafuna kuwatsatira. Anasakasaka nsambo yangayo, osaipeza.

"Alamu, mawu a akazi anuwa mulibe muno. Agwera pampata, pakati pa choyera ndi chakuda."

"Ndiye bwino," anatero iwo, "asapezedwe ndi aliyense."

Ndinanyada ine, chitsiru.

Ndiye tsiku la pamtondo lija ndinapita kukhonde manja ali gaga yekhayekha.

"Abambo, nsambo yangayo yatani?"

"Chinyezi, amayi. Kuno ku Tsangano n'kozizira, waya amakoka."

"Chinyezi chosankha nsambo imodzi?"

"Mwayamba liti kuchuna bangwe inu? Kamalizeni kukonola uko."

M'mawa mwake atanyamula khasu ndinatsitsa bangwe pamsomali. Chizindikiro changa chinali chitamatidwa ndi dothi. Pambali pake, mpata wosakwana chikhadabo, panali china chatsopano, choyera mbee. Chinyezi sichigwira mpeni.

Makutu anga anali tcheru, kufunafuna mwini wa mawu atsopanowo. Kuchitsime ndimvetsere, kuchigayo ndimvetsere, kukwaya ndimvetsere aliyense payekha, palibe. Ndinawapeza pamsika. Mayi wina wa kutsidya kwa malire, wogulitsa kachewere, anakuwa kuitana ogula, ndipo pothera pa kukuwako mawu ake anakagwa pa nsambo ija ndendende. Ndisanatembenuke iye anali atawerama kale, akupatsa mwana wanga mandasi, akumutchula dzina lija timangomutchula kunyumba kokha.

Za mwamuna kukhala ndi chibwenzi ndinkazimva kwa anzanga, mwina ndikanalira n'kupirira. Chinandiopsa n'china. Mng'ono wawo nayenso anali ndi nsambo yake kale, koma bambowa atakangana naye n'kusiyana, anachotsa kamtengo kake tsiku lomwelo. Bangwe wawo sanama, amanena amene ali m'nyumba. Tsopano m'nyumbamo munali iwo, mayi uja, ndi ana anga awiri, timitengo tawo tili pomwepo osasunthidwa. Wochotsedwa ndinali ine ndekha.

Lachinayi ndikumusambitsa, mtsikana wangayo, wa zaka zisanu, anati, "Amama, ababa akuti Loweruka tikwera njinga yamoto, ine ndi mwana, tikaone amayi ena kutsidya. Koma akuti tisakuuzeni."

"Akuti mukabwera liti?"

"Sananene. Akuti kumeneko kuli nsapato zanga."

Ndinapitiriza kumutsuka m'khosi kuti asaone nkhope yanga. Ine ndinali kuchitengwa, mudzi wonse abale awo. Kutsidya n'kungodumpha msewu, inde, koma akalowa mkati ndikawafuna kuti? Sindidziwako munthu, ngakhale njira. Wamng'onoyo anali akuyamwabe. Ndipo munthu wokonza zimenezi ndi yemwe uja anandiitanitsa nkhuku, amene anati ndisapezedwe ndi aliyense.

Lachisanu m'mawa ndinawaphikira phala, ndinawapatsa madzi osamba, ndinawathandiza kukweza matumba panjinga. Anandiuza kuti ndichape zovala za ana, zakuda kwambiri. Ndinati chabwino. Atangokhota pa mibawa ndinaika zovalazo m'thumba zosachapa, pamodzi ndi mabuku a kusikelo. Mwana kumsana, wina padzanja. Apongozi anandifunsa ali pakhomo pawo, ndinati kusikelo.

Koma ndisanatseke chitseko ndinabwerera. Ndinatsitsa bangwe, ndinasolola kamtengo kachinayi ndi kachisanu. Mawaya anangoti lende pathabwa. Kachitatu ndinakasiya, si kanga.

Tinakwera lole ya kabichi, kenaka minibasi, mpaka kwa amalume ku Kandeu. Ndinawafotokozera ndili chiimire. Anamvetsera, anamasula mwana kumsana kwanga, anati, "Ana awa kwawo n'kuno. Wowafuna abwere ndi ankhoswe, masana." Ndinayenda nyumba ndi nyumba kuchenjeza kuti munthu wa njinga yamoto akafunsa ana, asamulozere.

Timitengo tiwiri tija ndinatimanga pamfundo ya chitenje changa. Tili pompano.