Ndinkalima kaufiti ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe ndinathyola mkono wa bambo anga aang'ono. Munda wathu ku Champhira unali utafiira ndi kaufiti chaka chachitatu chotsatizana, chimanga chikulekezera m'mawondo. Amama anali atayamba kunena kuti alipo amene akutichitira. Chimwalirireni bambo, mng'ono wawoyu, amene timawatchula adada achoko, ankafuna chigawo chakumunsi cha mundawo. Sindinafunse munthu. Ndinawapeza akusema goli, ndinatola mpini. M'mawa mwake ndinali pa Mzimba boma, kupempha malo m'galimoto ya anthu amene amaolotsa anzawo malire.

Ku Joni ndinakanda simenti, ndinatsuka magalimoto, ndipo konseko ndinkachoka nditatukwanizana ndi munthu. Amene anandipulumutsa ndi Gomezgani wa ku Euthini, mkulu wofatsa yemwe ankasamalira mbewu pamalo ena ochitira kafukufuku. Anati: "Mphwanga, ndapota, kuno mtima uusiye pageti."

Tsiku loyamba anandisiya ndekha m'nyumba yagalasi kuti ndithirire. Ndikuona miphika ya chimanga mizeremizere, m'mphika uliwonse timaluwa tofiira. Kaufiti! Wanditsatira mpaka kuno! Ndinazula yense, miphika yonse, thukuta kamukamu, n'kuima pambali kudikira kuti andiyamikire.

Mwini ntchitoyo anali mayi wamfupi, dokotala wa za mbewu. Atalowa anagwira mutu, n'kukhala pansi pa simenti pomwepo. Kaufitiyo anamubzala yekha, ndipo anamudikira miyezi kuti amere. Ndinayamba kuvula ovololo. Iye anatola chitsamba chimodzi, anachiyang'ana, n'kuyang'ananso ine.

"Unazula ngati ukumenya munthu. Chinakulakwira chiyani?"

Ndinamuuza za munda wathu. Za mkono sindinanene.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kulima kaufiti. Ine, Wongani, wosiyira sukulu sitandade 7, kuthirira mdani, kumuteteza ku mphepo, kukolola njere zake. Amama akandifunsa pa foni kuti ndikugwira chiyani, ndinkati ndimasamala maluwa. Ndinkatumiza ya feteleza, iwo n'kunditumizira chithunzi cha munda wofiira womwewo. Lamlungu ndinkangogona m'kachipinda kanga, nsapato kumapazi, osadziwa kopita.

Adokotala anandifotokozera kuti mizu ya chimanga imatulutsa timadzi tomwe timadzutsa njere za kaufiti m'nthaka. Iwo ankalowa mkati mwenimweni mwa mbewu, m'malangizo amene chimanga chimabadwa nawo, n'kudula pamalo amodzi ngati telala, kuti mizu isiye kuitana mdani. Poyamba ndinkati akundinamiza. Kenako ndinaona ndekha: miphika iwiri, dothi limodzi, njere za kaufiti zomwe ndinathira ndi dzanja langa. Uwu wofiira, chimanga chonyentchera. Uwo chimanga chobiriwira, chondipitirira msinkhu.

Ophunzira ankabwera kuchokera kumayiko ena kudzaona mmene amadulira, ena n'kukayesa pa mapira kwawo. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi: njere zodzaza dzanja. Koma chimanga chija chikakhwima ankachiyeza, chotsala n'kundipatsa ndikachiphe m'chimphika chanthunzi. Ulendo wachitatu ndinamenya ndowa theche.

"Amama akugona ndi njala, inu mukuphika mbewu!"

"Sinayesedwe m'munda, Wongani. Ndikakupatsa n'kukalephera, amene adzagone ndi njala ndi amayi ako omwewo. Boma lanu nalonso liyenera kuvomereza kaye."

"Liti?"

"Sindikudziwa. Mwina ndidzakhala nditapuma pantchito."

Ndinatuluka mwaukali osapukuta jombo. Ananditsatira, anapala dothi la kuchidendene, n'kuliika pa galasi lokuzira zinthu. "Ona." Tinjere ta kaufiti tambirimbiri, tating'ono kuposa fumbi la fodya. Anati timakhala m'nthaka zaka zambiri, timayenda pa khasu, pa pulawo, pa ziboda za ng'ombe. Pomwepo ndinakumbukira. Chaka chomwe bambo anamwalira, ndine amene ndinakabwereka pulawo kumudzi wina kumene minda inali yofiira kale. Ndinalowa nayo m'munda mwathu dothi lili phaa.

Miyezi iwiri sindinapeze mtendere. Nditamuuza zonse Gomezgani, anati: "Ruta kumudzi ukapepese, mbwenu ubwerenso. Malo ndikusungira."

Ndinafika kumudzi mu Febuluwale, ndi tikiti yobwerera m'thumba. Amama analira, anaphika nkhuku. Nditawafotokozera za pulawo anangoti: "Azungu akudya mutu." Nditawauza kuti adokotalawo ndi munthu wakuda ngati ife, anati ndiye kuti ndi mnzawo wa afiti.

Ndinagula mbuzi, ndinatenga mkulu wa mpingo, tinapita kuseri kwa phiri kwa adada achoko. Ndinagwada. Ndinanena zonse, za mizu, za njere, za pulawo. Anandimvetsera mkono wamanja uli pamwendo, wopindika ngati chikwakwa.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero. "Ndiye unayenda mtunda wonsewo kuti munthu wa magalasi akuuze kuti ine sindine mfiti?"

Mkulu wa mpingo anatsokomola. Ine ndinakhalabe chogwada.

"Mbewu yakeyo wabwera nayo?"

"Ayi, adada. Sinatuluke."

"Mbwenu dzuka. Tiye."

Ananditengera kumunda kwawo. Ndinakulira pamudzi pomwepo koma ndinali ndisanapondemo kuyambira ndili mwana. Unali wofiira kuposa wathu, kuchokera kumtunda mpaka kudambo. Anati unayamba kufiira chaka chimodzi wathu usanayambe, n'chifukwa chake ankapempha chigawo chakumunsi chija, kuti ana adye. Mudzi wonse unkadziwa. Amama ankadziwa.

"Mbuzi yako bwerera nayo, sigwira khasu," anatero. "Wati umadziwa kumulima kaufiti. Ndiye ukudziwanso nthawi yomuzula asanagwetse njere. Ine dzanja ndilibe."

Basi yanga inanyamuka pa boma Lachinayi. Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa mzere wachisanu ndi chinayi, thumba la kaufiti kumsana, adada achoko ali pachulu kundikalipira kuti ndikusiya wina kumbuyo.